Kupaka Penti wa Ufa pa Zomizira za Mtovu Pakhomo: Mafunso ndi Mayankho

Kwathu ndi ku Ulongwe, koma ndakhalitsa ku Moatize kumene ndimawotcherera zitseko ndi mawindo a zitsulo. Loweruka mpata ukapezeka ndimakaponya mbedza mu mtsinje wa Revúbuè, ndipo kawiri kapena katatu pachaka timasonkherana mafuta ndi anzanga kupita ku damu la Cahora Bassa kukalimbana ndi mcheni. Zomizira mbedza ndimaumba ndekha n'kuzipaka penti wa ufa. Chiyambire pamene anthu anaziona zili waliwali m'kabokosi kanga, mafunso sakutha: padoko, pa WhatsApp, ngakhale pasiwa. Amene amabwerabwera ndawasonkhanitsa pano. Ngati muli pa changu, dumphani zina zonse koma musadumphe za mabatire, za madzi ndi za ana.

Kodi penti wa ufa ndi chiyani?

Ndi penti wouma wopanda thina kapena mafuta aliwonse, wosalala ngati ufa woyera wosefa kawiri. Kwenikweni ndi pulasitiki woperapera wosakaniza ndi utoto ndi mankhwala oumitsa. Akakhudza chitsulo chotentha amasungunuka n'kuyenderera, ndipo akakhalitsa pa kutentha koyenera amalimba kotheratu moti sasungunukanso. Mafiriji, mashelefu a m'masitolo akuluakulu ndi mabokosi a magetsi ambiri ndi opaka penti ameneyu. M'maloja a kuno mukanena kuti "tinta em pó" adzakumvani msanga.

Chomizira chimamira ndi kale. Kuchipakanso penti n'kwa chiyani?

Funso ili anandifunsa ndi amalume anga, uku akuseka, ndipo sanalakwe kwenikweni. Chomizira wamba chimene chimangokhala pansi kudikira mlamba sichisowa kukongola. Phindu lake pamenepo n'lakuti manja sada bii mukachigwira, komanso sichichita mbuu m'bokosi chikakhalitsa.

Nkhani imasintha pa zomizira zoumbira pamodzi ndi mbedza, zija timamangirira nthenga kapena kachidutswa ka nsomba n'kumakoka pang'onopang'ono. Pamenepo mutu wa mtovuwo ndi mbali ya nyambo, nsomba imauona. Penti wa m'chitini chofayira amasenda pa ulendo woyamba mukangogunda mwala. Wa ufa wopsa bwino amapirira miyala ya mu Zambezi nyengo yonse. Mano a mcheni okha ndiwo alibe ulemu ndi penti aliyense.

Ndinaona pa YouTube azungu akupaka zipolopolo ndi ufa womwewu. Njira yake ndi imodzimodzi?

Ufa wake ndi womwewo. Ku America kuli anthu ambiri amene malamulo amawalola kuumba zipolopolo zawo, ndipo amazipaka pentiyu kuti mtovu usatsalire m'kati mwa mfuti. Ife osodza tinangotengerako maluso ena.

Koma kuno si ku America. Mu Mozambique nkhani za mfuti ndi zipolopolo zimayendera lamulo la Decreto 8/2007, ndipo munthu wopanga zipolopolo pakhomo popanda chilolezo akudziitanira apolisi. Ine za zipolopolo sindiphunzitsa, ndipo mukandifunsa kumbali yankho ndi lomweli. Dziko lino linalira mokwanira mpaka mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, ndipo kuyambira 1995 a bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique ankalandira mfuti n'kumapereka makasu, njinga ndi makina osokera. Ine ndili mbali ya makasuwo.

Chinthu chimodzi chokha pa nkhaniyi chimatikhudza tonse. M'minda ya ku Angónia, Macanga ndi Tsangano anthu amafukulabe zipolopolo zakale za nthawi ya nkhondo, ndipo zina zimalowa m'matumba a zitsulo zakutha. Musayerekeze kuponya chipolopolo mumphika poganiza kuti mupezamo mtovu. Chadzimbiri chimaphulika bwinobwino. Zisiyeni pamene zili, kauzeni amfumu kapena apolisi.

Mtovu ndiupeze kuti?

Ogulitsa ambiri kuno amautchula "chumbo". Wabwino kuyamba nawo ndi wa zomizira zakale zophwanyika, zidutswa za mapaipi akale a mtovu, ndi timiyala tija amapanikiza m'mphepete mwa limu ya galimoto kuti tayala lisanjenjemere. Kwa okonza matayala m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè timapezeka ndithu. Timiyalati timakhala ndi chitsulo china chotchedwa antimoni pang'ono, choncho chomizira chake chimalimba kuposa cha mtovu weniweni.

Chenjerani, masiku ano si tonse tili ta mtovu. Tolembedwa Fe ndi tachitsulo, tolembedwa Zn ndi ta zinki. Tachitsulo sitivuta, timangoyandama n'kutivuula. Zinki ndiye mdani. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, zinki pa 420, ndiye moto ukakula iye amasungunukira momwemo, mphika wonse n'kusanduka ngati phala lamibulu losatheka kuthira m'chikombole. Ine ndimapana kamwala kalikonse ndi pulayala yodulira: mtovu umalowa mano mosavuta, zinki amakana. Mukaugwetsa pa simenti, mtovu umangoti phi, pamene zinki amalira ngwee.

Musasakanizemo soda wowotcherera mawaya wambiri. Chifukwa chake chili pa funso la uvuni.

Mabatire akutha a galimoto ali mbwee. Bwanji osangosungunula amenewo?

Ayi. Ndikudziwa kuti m'madoko ambiri ndi mmene anthu amapezera miyala ya ukonde, ndipo ndikudziwa kuti ena mundiuza kuti bambo anu anachita zimenezi zaka makumi awiri osadwala. Ndikukanabe.

Choyamba ndi asidi, amene amawotcha khungu ndi maso, ndipo mukamutaya pansi amalowa m'nthaka pamodzi ndi mtovu wosungunukiramo. Chachiwiri, zambiri za m'kati mwa batire si mtovu woti muumbe, ndi phala louma labulauni ndi lotuwa limene limasanduka fumbi mukangoswa. Fumbi limenelo limagwera pabwalo pamene mwana amakwawa, pamene nkhuku zimatola, pamene amayi amayanika ufa. Chachitatu, zitsulo zake zimasakanizidwa ndi zina monga antimoni, aseniki ndi kashiamu, ndipo litsiro lotsala mumphika likanyowa limatha kutulutsa mpweya wakupha.

Si nthano. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 m'dera limene anthu ankaswa mabatire n'kumasefa dothi pofuna mtovu wogulitsa. Ku Zamfara ku Nigeria mu 2010 ana oposa 400 anapita chifukwa cha fumbi la mtovu lochokera m'miyala ya golide imene ankaperera m'makomo. Pafupi pompa, ku Kabwe m'Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi mpaka lero. Batire lakutha kaligulitseni lathunthu kwa ogula zitsulo, ndalamayo mugulire mtovu woyera.

Ndisungunulire mu chiyani, ndipo pamalo otani?

Mumphika wachitsulo chochindikala, wopanda msoko wa soda, wokhazikika bwino pa mbaula kapena pa gasi. Wa aluminiyamu ayi: ukatentha umafewa, ndipo mtovu ndi wolemera kwambiri, lita imodzi yokha imapitirira makilogalamu 11. Tsiku lina pansi pake padzangobooka mtovu uli pamiyendo panu. Mphikawo, chipande chake ndi supuni yowolera litsiro zisadzalowenso kukhitchini. Zanga ndinazilemba ndi penti wofiira ndipo zimagona m'bokosi lokhoma.

Malo akhale panja, pouma, kutali ndi khitchini, chitsime ndi posewerera ana, mphepo izichokera kumsana kwanu. Valani nsapato zotseka, buluku lalitali la thonje, magolovesi achikopa ndi magalasi. Ndikudziwa kuti mwezi wa Okutobala ku Tete kuno, dzuwa likapyola madigiri 40, munthu amalakalaka kugwira ntchito ali chifuwa pamtunda. Dzukani mbandakucha m'malo mwake. Moto usakule mopitirira: mtovu ukangoyenderera bwino ngati madzi, basi. Mphika ukayamba kufiira ndiye kuti mwapyola, ndipo utsi wa mtovu wayamba kukwera. Ponyanimo kachidutswa ka kandulo kapena utuchi wouma n'kutakasa, litsiro liyandama. Kanduloyo amayaka lawi, musadzidzimuke. Litsirolo liikeni m'chitini chotseka, osati kudzala.

Tsopano za madzi. Dontho limodzi likalowa pansi pa mtovu wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuumwaza ponseponse. Ine ndili ndi chipsera pamkono wamanzere chonga ndalama ya metikali imodzi. Linali tsiku la mu Febuluwale, mvula itangokata. Ndinatola chomizira chakale chimene chinagona m'chidebe panja, ndinachipukuta pa buluku, chinaoneka chouma. M'kabowo kake munali madzi. Nditachiponya mumphika ndinangomva "thu!", mtovu uli pa malata a shedi, pa nsapato, pa mkono. Mwana wanga wamkazi anali atachoka pamalopo mphindi ziwiri zokha, atabwera kudzandiuza kuti nsima yapsa. Kuyambira tsiku limenelo zidutswa zonse ndimaziika mumphika usanatenthe kuti ziumire limodzi ndi moto, chipande ndimachiwambika kaye, ndipo thukuta ndimamanga ndi kansalu pamphumi.

Nanga chikombole?

Chabwino ndi cha aluminiyamu kapena chachitsulo cha mbali ziwiri. Ogulitsa zipangizo za usodzi ku Joni ali nazo, ndipo amene ali ndi mnzake wa makina osemera zitsulo atha kupangitsa. Apa aluminiyamu alibe vuto chifukwa sakhala pamoto, ndipo iye amasungunuka pa madigiri 660. Chitenthetseni musanathire, apo ayi zoyamba zimatuluka zamakwinya. Kuchifukiza ndi mwaye wa kandulo kumathandiza kuti chomizira chizituluka chosavuta.

Supuni yakale imatulutsa chomizira chaphanthi chabwino ndithu. Thabwa louma la mtengo wolimba lobowola limagwira maulendo angapo lisanapserere. Dongo, simenti ndi kabowo kokumba pansi ndi zimene sindikonda, chifukwa zimasunga chinyezi m'kati ngakhale kunja zikuoneka zouma. Werenganinso za chipsera changa pamwambapa.

Ndikaumba, ndipake nthawi yomweyo?

Zikangozizira n'kudula timichira, inde, ndipo ndi nthawi yabwino koposa chifukwa mtovu ukadali wowala. Palani msoko ndi mpeni m'malo mokhula ndi sandipepa, popeza sandipepa amapanga fumbi. Kenako musazigwirenso ndi manja. Mafuta a m'zala, girisi, ngakhale kandulo wotsalira amalepheretsa penti kugwira. Zakale zotuwa zitsukeni ndi asetoni, mankhwala aja ochotsera penti wa m'zikhadabo, n'kuzisiya ziume. Ngati zachita kukhakhala ndi zoyera zonga phulusa, ndi bwino kungozisungunulanso.

Penti ndigule kuti, ndipo wa mtundu wanji?

Mafakitale amagulitsa m'makatoni a makilogalamu 20 kapena 25, zimene msodzi sangamalize moyo wake wonse. Njira yachidule ndi kupita kwa amene amapaka mageti ndi malimu ndi makina a magetsi n'kuwapempha akugulitseni wotsala. Theka la kilo limapaka zomizira mazanamazana. Madalaivala a mathiraki odzera ku Cuchamano amathanso kukutengerani timabotolo topangidwira asodzi.

Funsani zinthu ziwiri: kutentha kumene amapsera, ndi mtundu wake. Poliyesita amapirira dzuwa. Epokisi ndi wolimba ndipo saopa madzi, koma akakhalitsa padzuwa amachita mbuu. Pa chomizira onse awiri amagwira ntchito. Wosesa pansi pa shedi yopakira, wosakanikirana mitundu ndi fumbi, ngakhale akupatseni ulere mukaneni. Ndinayesapo, zinatuluka ngati khungu la chule.

Ufawu si wopuma. Ena ali ndi mankhwala otchedwa TGIC amene amayabwa khungu ndipo ndi oipa m'thupi, choncho valani chotseka pamphuno chenicheni, osati mpango. Komanso ufa ukauluka m'mwamba pafupi ndi lawi umatha kuyaka, ndiye botolo likhale patali ndi moto.

Popanda makina a magetsi aja, ufa umamatirira bwanji?

Njira zilipo zitatu, ndipo ine ndimagwiritsa ntchito kwambiri yoyamba.

Kuviika. Panani mbedza ndi pulayala, tenthetsani mutu wa mtovu pa lawi la gasi kapena pa chowuzira mpweya wotentha uku mukutembenuza. Kakang'ono ka magalamu 10 kamafuna timasekondi towerengeka, kakakulu kochulukirapo. Takasani ufa kuti ukhale wofewa, lowetsani mutuwo msangamsanga ngati mukusunsa mbamu m'ndiwo, tulutsani, gogodani pulayala m'mphepete mwa botolo. Mukaona ufa ukusanduka wonyezimira pamaso panu, mwalasa. Ukakhala wambuu ngati ufa ndithu, sichinatenthe, chibwezereni pamoto pang'ono. Ukafuka utsi, kuchita thovu kapena kukoka ulusi, chinatenthetsa. Musamale, kamutu kakang'ono mukakaiwala pa lawi kamangodontha n'kusiya mbedza yokha m'manja. Pa zomizira zambiri nthawi imodzi, ndimazitenthetsera mu uvuni zonse n'kumatulutsa chimodzichimodzi.

Kuwiritsa ufa ndi mpweya. Dulani paipi ya pulasitiki yotakata ngati kapu, pansi pake mangani pepala la khaki kapena sefa ya khofi, kunsi kwakenso kukhale kachipinda kolowetsamo mpweya wochokera ku kapampu ka m'thanki ya nsomba zoweta. Mpweya ukamadutsa, ufa umafufuma n'kumachita ngati ukuwira. Chomizira chotentha chimalowamo ngati m'madzi ndipo penti amagwira wopyapyala mofanana. Njirayi si yachilendo, inayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1950. Amene akufuna kugulitsa zomizira apange kachipangizo aka.

Kukhutchumula. Ikani zomizira zozizira ndi supuni imodzi ya ufa m'kontena ya pulasitiki yokhala ndi nambala 5 kapena zilembo PP pansi pake, tsekani, khutchumulani mwamphamvu kwa mphindi imodzi. Kukhulana kumabala timagetsi tija timachititsa chipeso kunyamula tizidutswa ta pepala, ndipo ufa umakakamira. Tulutsani ndi kopanira, gwedezani wotsala, imikani pa thireyi. Ndi yabwino pa zomizira zozungulira zopanda mbedza. Koma ili ndi nyengo yake, onani funso la mvula.

Penti wanyezimira kale nditaviika. Mu uvuni n'kukatani?

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kunyezimira ndi kusungunuka chabe, penti sanapse. Chomizira chotere mukachigwetsa pa simenti chimatetheka ngati chigoba cha dzira. Kupsa kwenikweni kumafuna kutentha kokhazikika kwa nthawi. Ufa wambiri umafuna madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20, ndipo cholembedwa pakatoni ndicho lamulo. Nthawiyo muyambe kuwerenga pamene mtovu weniweniwo watentha, osati pamene mwatseka chitseko. Ine ndimadikira kuti penti anyezimire paliponse, kenako ndimawerenga mphindi 20.

Kauvuni kakang'ono ka magetsi kogula pa kaunjika kamakwana. Koma manambala a pa kabatani kake musawakhulupirire. Gulani choyezera kutentha cha mu uvuni muike m'kati. Kanga ndikakaika pa 180 kamathamangira kupyola 200 kasanadzizimitse, ndipo pafupi ndi waya wofiira pamatentha koposa apo. Zokhala ndi mbedza zipachikeni pa waya mitu ili pansi, zisakhudzane. Zinazo ziimikeni pa pepala lophikira makeke kapena pa sefa yachitsulo.

Za soda zija: wowotcherera mawaya amayamba kusungunuka pa madigiri 183, kutanthauza m'kati mwenimweni mwa kutentha kopsereza penti. Nthawi ina mnzanga wokonza mawailesi anandipatsa chitini cha zotsala zake, ine n'kuumbira zomizira makumi atatu. Nditatsegula uvuni ndinapeza mbedza zili lendelende pa waya, pansi pali chitumbuwa chimodzi chachikasu.

Ndingabwereke uvuni wa mayi a kunyumba, n'kuutsuka bwino pambuyo pake?

Ayi, achimwene. Uvuni umene mwalowa mtovu ndi penti suphikanso chakudya, ngakhale mutautsuka ndi sopo wanji. Ukhale wakewake, ndipo uziyakira panja kapena m'shedi yopita mphepo.

Kwathu ku Chifunde magetsi sanafike. Ndiye kuti zandipita?

Sizinakupiteni, koma mudzataya zingapo pophunzira. Tengani mphika waukulu wachitsulo wokhala ndi chivundikiro, thirani mchenga wouma wokwana zala zitatu pansi, pingasani mawaya m'mwamba mopachika zomizira, ikani pa mbaula ya makala ochepa amene asiya kale lawi. Mchenga umagawa kutentha kuti kusalase malo amodzi. Choyezera kutentha apa ndiye n'chosasiyika, chifukwa makala samvera munthu. Kukakwera, chotsani mphika pambaula kwa kanthawi. Kukatsika, kupizani. Musaike makala pachivundikiro ngati mukuphika chigumu, phulusa limagwera pa penti. Ndinayesa kwa achemwali anga ku Furancungo ndipo ulendo wachitatu zinatuluka zoti sindikanachita nazo manyazi padoko.

Ndidziwa bwanji kuti penti wapsa?

Perekani nsembe chomizira chimodzi. Chikazizira, chiikeni pa chitsulo n'kuchiphwanya ndi hamala mpaka chiphwatalale. Penti wopsa amapindika pamodzi ndi mtovu osasenda. Akagwa tizibenthu, sanapse kapena mtovu unali ndi mafuta. Kuyesa kwina: nyowetsani kansalu koyera ndi asetoni mukhule kwa theka la mphindi. Utoto ukatsalira kwambiri pansalu kapena penti akachita nembenembe, zibwezereni mu uvuni. Kuwotcha kachiwiri sikulakwika.

Zanga zikutuluka ndi timabowo, zina ndi kansonga kunsi. Ndikulakwitsa pati?

Timabowo ngati toboola ndi singano timabwera ndi mpweya kapena chinyezi chotuluka mu mtovu penti ali wofewa. Kawirikawiri ndi zomizira zoumbidwa m'chikombole chozizira. Zitenthetseni mu uvuni kwa mphindi khumi musanapake kuti zitulutsiretu mpweyawo. Kansonga kolendewera ndi penti wochuluka: munachedwa muufa, kapena ufa unali wogwirana. Woyera akasanduka wachikasu ndiye kuti uvuni unapsetsa. Za kusenda ndayankha kale pa funso lapitali.

Bwanji nthawi ya mvula kukhutchumula kumakanika?

Timagetsi ta kukhulana timathawa mumpweya wachinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mudzakhutchumula mpaka mkono kuwawa, ufa uli phee pansi pa kontena. Kumtunda ku Angónia ndi Tsangano, kumene nkhungu imagona m'mapiri, vutoli limafika ngakhale m'miyezi yozizira. Kuchigwa kuno kuyambira Juni mpaka Okutobala kumauma moti njirayi imagwira ngati matsenga. Nthawi ya dzinja ingoviikani.

Chigwa chili ndi vuto lakelake: kutentha. Ufa umafuna malo ozizirirapo, osapyola madigiri 25 kapena 30, ndipo shedi ya malata ku Moatize masana imaposa pamenepo kutalitali. Mukausiya mmenemo umagwirana mibulu ngati shuga wonyowa. Wanga ndimausunga m'botolo lotseka bwino, lokulunga m'pulasitiki, pansi m'chipinda chozizira koposa m'nyumba, m'bokosi lokhoma kuti ana asalifikire. Mibulu yofewa imasefeka. Yolimba ngati mwala ndi yotaya.

Ndikapaka penti, ndiye kuti mtovu sulinso woopsa?

Penti amaubisa, sauchotsa. Amathandiza kuti usadetse manja pogwira, basi. Ngozi yaikulu ili pa ntchito ya kumbuyo: posankha zidutswa, posungunula, powola litsiro, posesa. Mtovu umalowa kwambiri kudzera m'kamwa, kuchokera m'manja ndi m'fumbi. Choncho pogwira ntchito osadya, osasuta, osatafuna nzimbe. Mukamaliza sambani ndi sopo mpaka m'zikhadabo, zovala za ntchito zichapidwe pazokha, ndipo musanyamule mwana musanasinthe. Pamalopo musasese ndi tsache louma, pukutani ndi nsanza yonyowa mtovu utazizira n'kusungidwa. Chizolowezi chopana tizomizira ting'onoting'ono ndi mano chithe, pulayala ilipo.

A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wabwinobwino, ndipo thupi la mwana limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Umawononga ubongo mwakachetechete: mwana amangoyamba kuvutika kusukulu, kukwiyakwiya, kusowa magazi. Ukachuluka amakomoka ndi kugwedezeka, anthu n'kumathamangira kwa asing'anga. Kwa wamkulu ndi kupotokola m'mimba, kudzimbidwa, mutu, kufooka kwa manja, kuthamanga kwa magazi. Mayi woyembekezera asayandikire n'komwe, chifukwa mtovu umafika kwa mwana m'mimba. Mukaona zizindikirozi pitani kuchipatala ndipo mukanene poyera kuti mumasungunula mtovu, popeza chotsimikizira ndi kuyeza magazi kokha.

Anzanga owotcherera amakonda kunena kuti ukamwa mkaka poizoni amatsukika. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani, koma sutsuka mtovu.

Ndipo chomizira chikaduka n'kutsala m'madzi, penti amadzatha, mtovu n'kukhalapobe. Mbalame za m'madzi zimameza ting'onoting'ono pamodzi ndi timiyala. Ku England analetsa zomizira za mtovu zapakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35 mu 1987 mbalame zikuluzikulu za m'mitsinje zitafa zambiri. Pamalo a miyala pamene ndikudziwa kuti ndidula chingwe kangapo, ine ndimamangirira nati yakale kapena kachidutswa ka chitsulo cha konkire. Chitsulo n'chopepukirapo, chimafuna chokulirapo, koma mlamba safunsa. Natinso amalandira penti wa ufa bwino kwambiri, kuposa mtovu.

Nsomba zimakonda mtundu wanji?

Pano asodzi atatu amakupatsani mayankho anayi. Chodziwika n'chakuti kufiira ndiko kumayamba kuzimirira mukamatsika pansi pa madzi, ndipo m'madzi amatope nsomba imaona kuwala ndi mthunzi kuposa mtundu. Zambezi ikafiira ndi mvula ndimaponya woyera kapena wachikasu chowala. Ku Cahora Bassa mcheni anazolowera kuthamangitsa kapenta, kansomba ka ku nyanja ya Tanganyika kamene anakathira mu Kariba cha m'ma 1967 ndi 1968, kenako n'kutsika ndi mtsinje kudzakhazikika m'damu lathuli, limene linayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Ndiye kumeneko woyera ndi wasiliva sandigwiritsa mwala. Pende ndi wamantha, amafuna chomizira chosaonekera, chobiriwira modera kapena chabulauni. Wina akakuuzani kuti pinki ndiye mankhwala, musakangane naye, mwina tsiku limenelo anaphadi.

Mukafuna mitundu iwiri, viikani wonse mu woyera, kenako chikadali chotentha wazani wina pamsana pogogoda kaburashi kouma.

Nanga miyala ya ukonde, ndipakenso?

Ine ndimati musavutike. Ndi yambiri, imakhulika pa bwato ndi pamchenga tsiku lililonse, ndipo ija yopinda pa chingwe penti wake amang'ambika popindapo. Ngati cholinga ndi kuteteza manja a okoka ukonde, ilowetseni m'tizidutswa ta paipi yofewa kapena ikulungeni ndi mphira wa chubu.

Diso la mbedza latsekeka ndi penti ndipo chingwe sichikulowa. Nditani?

Litsegulenitu musanaike mu uvuni. Mukangoviika, penti akadali wofewa, pisani kawaya kapena chitsotso cha machesi chosongola, kapena dikirani azizire n'kumuthyola ndi nsonga ya mbedza ina, popeza wosapsa amatetheka mosavuta. Ena amapana diso lenilenilo ndi pulayala poviika kuti ufa usafikepo, ndipo ndiyo njira yaukhondo koposa. Pa zomizira za bowo lapakati, lowetsani kamsomali musanapake n'kukazungulitsa pochotsa.

Ngati mwakumbukira zitapsa kale, tenthetsani singano mpaka ifiire n'kuboola. Mukatero pisani kachingwe kokhuthala mukokekoke kangapo, kenako yesani ndi twaini wanu. Penti wopsa amasiya m'mphepete mwakuthwa mosaoneka ndi maso, ndipo ndi momwemo mmene twaini amadukira mcheni akangogwedeza mutu kachiwiri.